Ngale za Zuze

Kalekale, ngalawa za amalonda zikadali kukwera ndi kutsika mtsinje wa Shire, pamudzi wina wa m'mbali mwa mtsinjewo panali mwamuna wopalasa ngalawa dzina lake Zuze. Anakwatira mkazi wa pamudzipo, Nachanza, ndipo anabereka mwana mmodzi wamkazi, Nditani. Mwanayo asanayambe kuyenda, kunabwera amalonda ofuna anthu amphamvu oti awapalasire mpaka ku nyanja ya mchere. Zuze anavomera.

Padoko, mwana ali kumbuyo, Nachanza anafunsa funso limodzi lokha.

"Mubwera liti, bambo a Nditani?"

Zuze anaseka. Anali munthu wokonda kuseka anzake akamada nkhawa.

"Ku nyanjako akuti kuli mikanda yomera m'nkhono, yoyera ngati dzino la mwana. Amaitcha ngale. Ndizikutumizira imodziimodzi. Zikadzakwana kuzungulira khosi lakoli, udzanditumizire mawu, ndidzabwera kudzakuveka ndekha."

"Mwayi wanu khosi langa ndi laling'ono," anatero Nachanza. Onse awiri anaseka, ngalawa n'kunyamuka.

Ngale yoyamba inafika mvula itagwa n'kukata. Inayenda m'manja mwa anthu ambiri: a m'zombo za kunyanja anapatsa opalasa a mu Zambezi, a mu Zambezi anapatsa a mu Shire, ndipo amene anaifikitsa pamudzi sankamudziwa n'komwe Zuze. Inali yokulungidwa m'kansanza, yoboola kale. Mlongo wake wa Nachanza, Kamowa, anaiyang'ana pachikhatho n'kupukusa mutu.

"Ndiye chimenechi? Alamu apita ulendo wonsewo kukatola diso la nsomba yowiritsa?"

"Bweretsani kuno, achimwene, mungaimeze," anatero Nachanza.

Anapota ulusi wa thonje, anatungira ngaleyo, n'kuisunga m'kansupa. Yachiwiri inabwera posachedwa, yachitatu inachedwerapo. Iliyonse ikafika, Nachanza ankatulutsa ulusi uja, kutungirapo yatsopanoyo, kuziyandikizanitsa, n'kuyesa pakhosi. Kenako ankabwezera m'kansupa.

Zaka zinapita. Kamowa, monga mwini mbumba, anayamba kulankhula.

"Mlongo, munda ukulima wekha, denga tikukufolerera ife. Mwamuna wotani ameneyu? Tiuze timasule ukwatiwu, anthu akufunsira."

"Munthu amene wandiiwala sangamatumize ngale," ankayankha motero Nachanza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsono tiyeni tipite kunyanja.

Chimene Zuze sankadziwa polonjeza n'chakuti ngale sipezeka m'nkhono iliyonse. Munthu amatha kutsegula nkhono madengu ndi madengu osaona ngakhale imodzi. Atazindikira zimenezi, manyazi anamugwira. Abwerere bwanji kumudzi ndi tingale tosakwana n'chala chomwe, iye atalonjeza khosi lonse? Anati adikire chaka chimodzi. Chitatha anati adikire china. Kunena chilungamo, moyo wa kunyanjako unayambanso kumukomera, ndipo manyazi aja anakhala pobisalira pabwino.

Kumeneko, m'chaka choyamba chomwe, anakumana ndi Mwanaisha, mkazi wamasiye wopanda mwana, amene ankatola nkhono m'miyala madzi a m'nyanja akabwerera, n'kumagulitsa nyama yake kumsika. Manja ake anali zipsera zokhazokha chifukwa cha zigoba. Zuze sanamubisire kanthu. Anamuuza za mkazi wa ku Shire, za mwana, za lonjezo lomwe. Mwanaisha anati:

"Ndiye ngale iliyonse yolowa m'nyumba muno ndi ya akulu anga a ku Shire."

Anakwatirana. Amene anali ndi diso lodziwa nkhono yoyenera kutsegula anali Mwanaisha. Amene ankaboola ngalezo analinso iye, ndi kasingano kakang'ono, pang'onopang'ono, poti ngale ukaifulumizitsa imang'aluka. Ankadziwa bwino lomwe kuti ngale iliyonse imene waboola ikufupikitsa masiku ake okhala ndi mwamunayo. Koma sanabisepo ngakhale imodzi, ndipo sanavalepo.

Chaka china Zuze anadwala chifuwa. Mwanaisha anamuyendera kwa asing'anga onse a m'mbali mwa nyanja, koma sizinathandize. Anamwalira mutu uli pamwendo pa mkaziyo. Mwanaisha anamulira, anamuika m'manda a kwawo, pansi pa mitengo ya kokonati, n'kutsala yekha m'nyumba. Ankafuna kutumiza uthenga wa maliro ku Shire. Koma ankati akapita padoko, ankabwerera osaupereka.

Patapita nthawi yaitali, anatsegula nkhono ina n'kupeza ngale yokongola kuposa zonse zimene anaziona, yofiirira pang'ono ngati mitambo ya m'bandakucha. Akanatha kuigulitsa n'kukhala osatolanso nkhono chaka chathunthu. Anaiboola, anaikulunga m'kansanza, n'kuipereka kwa a m'zombo ndi mawu amene Zuze ankanena nthawi zonse: "Ya Nachanza, ku Shire." Sanawonjezerepo kanthu. Ndipo atapeza ina, anatumizanso.

Ena amati anachita zimenezi chifukwa cha chifundo, posafuna kuswa mtima wa mkazi mnzake amene sanamuonepo. Ena amati anadzichitira yekha: malinga ngale zikuyenda, kunali dziko lina kumene Zuze anali adakali moyo, kumene munthu ankamuyalira mphasa. Ine ndikuganiza kuti zonse ziwiri zinalimo, ndipo mwina mwini wakeyo sakanatha kuzisiyanitsa.

Chimene Mwanaisha sankadziwa ndi ichi. M'zaka zachete zija, Nachanza anali atatopa. Panali bambo wina wophika mchere, wofatsa, woferedwa mkazi, amene anamudikira nthawi yaitali osamukakamiza. Nachanza anavomera kuti ankhoswe akumane. Mowa unali utafululidwa kale pamene ngale yofiirira ija inafika. Nachanza anaiyang'ana, anapita kwa mlongo wake n'kunena kuti:

"Mukawauze a mchere aja kuti andikhululukire. Mwamuna wanga alipo."

Kamowa anatukwana mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Mowa uja anamwa anthu wamba, ndipo wophika mchere anakakwatira kutsidya.

Nditani anakula akudana nako kansupa kaja. Kwa iye, bambo anali timiyala toyera timene tinkachititsa amayi ake kusiya khasu n'kuthamangira padoko ngalawa ikamveka. Anzake akamati "abambo anga andisemera mtondo," iye ankangoyang'ana pansi. Atakula anakwatiwa ndi Fombe, mmisiri wosula siliva wochokera kumunsi kwa mtsinje, amene anamanga chisakasa chake kuseri kwa nyumba yawo. Nditani anayamba ndi kumupopera mvukuto. Kenako anaphunzira kukoka waya, ndipo posakhalitsa zala zake zinkapinda timphete tating'ono kuposa ta mwamuna wake.

Tsiku lina anapeza amayi ake atakhala pakhonde, ulusi uja uli m'manja. Ngale zonse za zaka zonsezo, ataziyandikizanitsa, sizinkafika ngakhale utali wa chikhatho. Tsitsi la Nachanza linali litayamba imvi.

"Khosi ili lidzalowa m'manda lisanazungulidwe," anatero mayiyo, osadandaula, ngati munthu wonena za mvula.

Nditani, m'malo moyankha mwaukali monga ankachitira, anayandikira. Anakhala pansi, anatenga ulusiwo, n'kuyamba kuzitalikitsa ngalezo ndi chala.

"Amayi, pobzala chimanga mumathira mbewu zonse phando limodzi?"

"Ukufuna kunena chiyani?"

"Abambo anati zizungulire khosi. Sananene kuti zigundane."

Nachanza anamusiyira mwana wake ngalezo.

Siliva panalibe, ndiye Nditani anavula zibangili zimene Fombe anamusulira pa ukwati wawo n'kuzisungunula. Anakoka waya pa kachitsulo ka mabowo, kuchoka pa bowo lalikulu kupita pa laling'ono, mpaka wayayo anaonda ngati udzu wa tsache. Anamukulunga pa singano, anadula timphete, n'kumatilumikiza kamodzikamodzi, kalikonse n'kukatseka ndi kambaniro, mpaka panabadwa tcheni. Pa ngale iliyonse ankalowetsa kawaya kakafupi, kupinda kakolo mbali iyi ndi mbali iyo, kuti ngaleyo ikhale pakati pa zidutswa ziwiri za tcheni, isamayende. Zala zinatupa. Maso ankatuluka misozi chifukwa choyang'anitsitsa.

Fombe anamudulira kabango koyezera, kuti mipata yonse ya pakati pa ngale ifanane. Ndi mmene mmisiri aliyense amachitira. Koma Nachanza ataona zidutswa zofananazo zitayalidwa pa chikopa, anakana.

"Sizinabwere choncho."

"Amayi, zikafanana m'pamene zimakongola."

"Ndati sizinabwere choncho. Iyi ndi iyi zinatsatizana, uziike pafupi. Iyi inabwera utayamba kale kutunga madzi. Italikitse."

Fombe, poti mkamwini sayankhana ndi apongozi maso ndi maso, analankhula ali m'chisakasa.

"Nditani, auze amayi kuti anthu adzati Fombe anasula ataledzera."

"Muuze mwamuna wakoyo kuti khosi ndi langa," anayankha Nachanza ali pakhonde.

Kabango kaja kanatayidwa. Mayi ankatenga ngale imodzi, n'kunena kuti inafika liti ndiponso zimene zinachitika isanafike: chaka cha dzombe, chaka chimene madzi anasefukira n'kutenga nkhokwe, chaka chimene Nditani anadwala chikuku mpaka anthu anayamba kusonkhana. Mwana ankawerengera timphete molingana ndi kudikirako. Pakati pa nkhanizo mayi ankapatukira kwa Zuze: mmene ankaimbira popalasa, mmene ankaopera achule munthu wosaopa mvuu, mmene anamunyamulira Nditani tsiku lobadwa n'kunena kuti mphuno ndi yake. Nditani anali asanamvepo zimenezi, poti anali asanafunsepo. Anayamba kugwira ntchitoyo mochedwa dala. Pofika pa ngale yofiirira ija, mayi anati:

"Apa uike tcheni chachitali."

"Chotere?"

"Wonjezera."

Nditani anawonjezera mpaka mpatawo unatenga pafupifupi mbali yonse ya khosi. Mayi sanafotokoze za pamenepo, mwananso sanafunse.

Atamaliza anasula kambedza kotsekera, n'kuwaveka amayi ake. Mkanda unazungulira khosi, n'kutsalako pang'ono. Ngale zinkaoneka ngati zangoima zokha pakhungu, apa ziwiri, apo imodzi, kwina tcheni chokhachokha. Fombe anasuzumira, n'kung'ung'udza kuti si woipa kwenikweni. Tsiku lomwelo Nachanza anapita padoko n'kuuza opalasa otsika:

"Mukapereke mawu awa mpaka kunyanja. Mukamuuze Zuze kuti mkanda wakwana."

Mawuwo anayenda mmene ngale zinkayendera, pakamwa ndi pakamwa, mpaka anamupeza Mwanaisha ali m'miyala ndi dengu lake. Akanatha kukhala chete, palibe akanadziwa. Koma anatseka nyumba, anasesa manda a Zuze, n'kukwera chombo.

Kuyambira pamene anatumiza mawu, Nachanza ankavala mkanda uja m'mawa uliwonse, kudzola mafuta, n'kukakhala padoko. Nditani nayenso ankapeza chifukwa chokachapira pafupi. M'mawa wina ngalawa inakocheza, ndipo munatsika mayi wachilendo, wofunda nsalu kumutu, wa manja a zipsera. Anayang'ana anthu onse, maso ake n'kuima pakhosi pa Nachanza. Anayandikira, n'kugwada.

"Akulu anga, ndakupezani."

Nachanza anadzidzimuka. Mlendoyo ankalankhula Chimang'anja cha pamudzi pomwepo, ndipo ankakoka mawu kumapeto ndendende mmene Zuze ankakokera.

"Ndinu yani, mayi? Chilankhulo chimenechi anakuphunzitsani ndani?"

"Amene mukuwadikirawo. Ine ndine Mwanaisha. Ndinali mkazi wawo kunyanja."

"Munali?"

Mwanaisha anakweza dzanja, anayendetsa chala pa mkanda uja, kudutsa ngale imodziimodzi, poti ankazidziwa zonse. Anaima pa mpata wautali uja.

"Anatisiya apa," anatero. "Izi zotsatirazi ndinatumiza ndine."

Nditani anasiya nsalu imene ankachapa, madzi n'kuitenga.

Nachanza sanalire nthawi yomweyo. Anafunsa kuti anadwala chiyani, anagona masiku ambiri kapena ayi, anamuika pati. Atamva zonse anati:

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikudzolera mafuta munthu wa m'manda? Iwe unalira, unamuika, unapumula. Ine wandimana ngakhale maliro a mwamuna wanga. Ndinabweza munthu wabwino chifukwa cha kamwala kako kofiira aka."

"Sindinadziwe, akulu anga."

"Ukanadziwa ukanasiya?"

Mwanaisha anaganiza, n'kuyankha moona: "Kaya."

Ngakhale zinali choncho, Nachanza anamutengera kunyumba, anamupatsa madzi osamba ndi mphasa, poti anali mlendo, komanso panalibe wina padziko amene akanamuuza mmene Zuze ankaonekera atayamba imvi. Kamowa anaitana abale, analira maliro ochedwawo, ndipo Nachanza anametedwa monga mkazi woferedwa. Pometedwa anavula mkanda uja n'kuuika pamphasa. Miyambo itatha, mkanda unali pomwepo. Ngalawa yobwerera kunyanja inali itayamba kupakira katundu.

Fombe ndiye anayamba, akulankhula moyang'ana kumbali.

"Ntchito yake ndi yochepa. Nditsegule timphete tiwiri, pakhale zidutswa zitatu, aliyense atenge chake."

"Mukadula, palibe chidutswa chimene chizungulire khosi la munthu," anatero Nditani. "Tibwerera ku timiyala ta m'kansupa."

Pa mfundo imeneyi yokha akazi atatuwo anagwirizana: mkanda usadulidwe.

Nachanza anati: "Lonjezo linaperekedwa kwa ine, padoko paja, mwana ali kumbuyo. Mipata imeneyi ndi zaka zanga. Ndinalipira ndi utsikana wanga, ndi ukwati umene ndinaukana. Manda ake sindidzawaona. Mukandilanda uwu, ndiye kuti ndinkadikira chiyani?"

Mwanaisha anati: "Palibe ngale pamenepa imene sinadutse m'manja awa. Ndinazitola, ndinaziboola, ndinazitumiza ndikudziwa kuti zikundichotsera mwamuna. Inu muli ndi mwana wake, nkhope yake mumaiona tsiku lililonse. Ine ndilibe mwana, ndilibe kanthu. Sindinavalepo ngale chibadwire. Ndikubwerera ku nyumba yopanda munthu."

Nditani anati: "Amayi, inu munakhala nawo. Inunso, amayi aang'ono, munakhala nawo, munawatseka maso. Ine sindidziwa ngakhale mawu awo. Ndinawapeza bambo anga m'chisakasa umo, ndikupinda timphete, ndipo nditangoyamba kuwafuna ndauzidwa kuti kulibe. Siliva ameneyu ndi zibangili za ukwati wanga. Popanda manja anga sipakanakhala mkanda, ndipo uthenga sukanapita."

Atatha kulankhula, palibe anatambasula dzanja. Kamowa, amene moyo wake wonse sanasowepo chonena, anakanda kumutu n'kutuluka panja.

Nkhaniyi ndaitembenuza mbali zonse, ndipo ndikaima ndi mmodzi, wina amandikoka nsalu. Nachanza anadikira mokhulupirika, inde, koma achibale anamuchenjeza, iye n'kusankha yekha kumvera kansupa. Komanso mwana angathe kudzalandira mkandawo m'manja mwake nthawi ikadzakwana. Mwanaisha anapereka zonse osasunga kanthu, ndipo anayenda ulendo wautali kudzanena zoona pamene akanatha kubisala. Koma kukhala chete kwake n'kumene kunadya zaka za mnzake, ndipo mkanda ukapita kunyanja sudzabweranso. Nditani analibe mlandu uliwonse pa zonsezi, ndipo ndiye anasandutsa timiyala kukhala chovala. Koma ali ndi mwamuna, ali ndi zaka kutsogolo, ndipo anasula mkandawo kuti uvalidwe ndi amayi ake, osati iye.

Kudoko opalasa ayamba kuitana. Mkanda uli pamphasa, akazi atatu aukhalira mozungulira, ndipo khosi loti uzungulire ndi limodzi.

Inu mukanakhala pakhomo pamenepo, mukanautola n'kumuveka ndani?